Phokoso la Sefa Lisaphetse Nsomba za m'Thanki

Kwa anthu ambiri a m'midzi nsomba ndi ndiwo basi. Ikacoka m'madzi imapita pamoto kapena pathandala, ndipo mbiri yake imathera pambali pa nsima. Komatu masiku ano, pamene magetsi ndi sola zafika m'nyumba zambiri za kumidzi, alipo mabanja amene ayamba kuweta tinsomba tokongola m'thanki la galasi m'cipinda cocezera alendo. Kawiri-kawiri thanki lotere limabwera ndi mwana wogwira nchito ku Lusaka kapena ku Copperbelt, amene afuna kuti makolo ake akhale ndi cosangalatsa maso pakhomo.

Masiku oyamba pamakhala cimwemwe cokha-cokha. Ana a pamudzi amakhamukira pakhomopo kudzaona nsomba zimene sizidyedwa. Koma kukada, mudzi wonse utakhala cete, pamamveka kulira kwa kamakina kamene kamayendetsa madzi m'thankimo, kulira kosaleka ngati kwa njuci zotsekeredwa m'cigubu. Mai a m'nyumba amadandaula kuti tulo sitibwera, ndipo bambo, pofuna mtendere, amadzuka ndi kukazimitsa kamakinako kufikira m'mawa. Pakapita masiku angapo nsomba zimayamba kuyandama pamwamba ziri kukamwa yasa-yasa, kenaka zimafa imodzi-imodzi, cikhalireco madzi akuoneka oyera mbee. Ena amati wogulitsa anawapatsa nsomba zodwala, ena amaloza cala anansi. Koma cimene capha nsombazo ndi kuzimitsa kwa usiku kuja.

Akulu anati walira mvula walira matope. Wofuna nsomba m'nyumba walandiranso udindo wosamala kamakina kameneka, kamene dzina lake ndi sefa. Sefa iyenera kuyenda usana ndi usiku, ndipo phokoso lake liri ndi mankhwala ake amene sapha nsomba.

CIPHE COSAONEKA NDI MASO

Mumtsinje zonyansa za nsomba zimatengedwa ndi madzi oyenda, koma m'thanki zimatsala momwemo. Nsomba iri yonse imatulutsa ciphe cochedwa amoniya, makamaka kudzera m'ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu wake. Ndi amoniya yemweyo amene amanunkha m'khola la nkhuku losasesedwa. Cakudya cotsala ndi masamba akufa zikamaola pansi pa thanki zimaonjezera ciphe comweco. Amoniya sasintha maonekedwe a madzi, cotero madzi oyera sakhala umboni wakuti zonse ziri bwino. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ciphe cimeneci cimaononga ziwalo zopumira za nsomba, ndipo ukali wake umakula madzi akakhala ofunda.

Cimene cimathetsa amoniya ndi tizirombo tosaoneka ndi maso tochedwa mabakiteriya. Amenewa ndi osiyana ndi aja oyambitsa matenda. Amapezekanso m'nthaka ya m'munda, mmene amathandiza kusandutsa manyowa kukhala cakudya ca mbeu. Katswiri wa sayansi Sergei Winogradsky ndiye anawaonetsa poyera m'caka ca 1890, pamene anali kugwira nchito ku Zurich m'dziko la Switzerland. Gulu lina la mabakiteriyawa limasandutsa amoniya kukhala naitraiti, amene ali ciphe ndithu cifukwa amalepheretsa magazi a nsomba kunyamula mpweya. Gulu lina limasandutsa naitraitiyo kukhala naitreti, amene ukali wake ndi wocepa, ndipo ndi cakudya ca mbeu conga ca m'feteleza.

Mabakiteriya amenewa amakhala momatirira pa siponji, pa timiyala ndi pa mcenga. Kuti akhale ndi moyo amafuna zinthu ziwiri: madzi oyenda owabweretsera cakudya, ndi mpweya wa okosijeni. Apa ndi pamene pali nchito yeni-yeni ya sefa. Zoonadi imagwira zinyalala monga momwe sefa ya ufa imagwirira misere, koma nchito yake yaikulu ndi kukhala mudzi wa mabakiteriya. Ikazimitsidwa madzi amaima, mpweya wa m'kati mwake umatha m'maola ocepa, ndipo mabakiteriya amaleka nchito, ena ndi kufa kumene.

Palinso cina. Mpweya umalowa m'thanki kudzera pamwamba pa madzi, ndipo umalowa wambiri madziwo akamagwedezeka. Zomera za m'madzi zimapereka okosijeni masana, koma usiku zimalimbirana mpweyawo ndi nsomba. Tsono usiku, nthawi imene anthu amafuna kuzimitsa sefa, ndiyo nthawi imene nsomba zimaifuna koposa. Vutoli limakula m'mwezi wa October, pakuti lita imodzi ya madzi imene pa madigiri 20 imasunga okosijeni wokwana pafupi-fupi mamiligramu 9, pa madigiri 30 imasunga mamiligramu 7.5 cabe.

Sefa yatsopano imakhala iribe mabakiteriya okwanira. Kuti aculuke pamatenga masabata 4 kufikira 6. Kuona maso a nkhono n'kudekha: woweta wanzeru amayamba ndi nsomba ziwiri kapena zitatu, ndi kuonjezera zina pang'ono-pang'ono. Amene ali ndi mnzake wa thanki lakale la nsomba zathanzi angapemphe cidutswa ca siponji yake, pakuti cimabwera ndi mbeu ya mabakiteriya.

MITUNDU YA SEFA

Sefa yosavuta koposa ndi ya siponji. Kapampu ka mpweya kamene kali kunja kwa thanki kamatumiza mpweya m'kapaipi kufika pansi pa siponji. Thovu likamakwera limakoka madzi, ndipo madziwo amadutsa m'siponjimo. Sefa imeneyi ndi yochipa, siimeza tiana ta nsomba, ndipo iribe zitsulo zambiri zimene zingafe. Mbale wake ndi kabokosi ka pakona, kamene kamayendanso ndi mpweya koma m'kati mwake amaikamo thonje la sefa ndi timiyala.

Pali sefa ina yoyalidwa pansi pa timiyala, imene imacititsa kuti timiyala tonse ta pansi pa thanki tikhale sefa. Imagwira bwino nchito, koma zinyalala zimaunjikana pansi pake, ndipo nsomba zokumba zimaifukula.

Mitundu itatu yotsala imayenda ndi mota imene imazunguza kagudumu ka mapiko kokankha madzi. Woyamba ndi sefa yomizidwa m'thanki momwemo. Phokoso lake ndi locepa cifukwa madzi amalimeza, koma mphamvu yake ingathe kutopetsa nsomba zazing'ono. Waciwiri ndi sefa yokoleka kumbuyo kwa thanki, imene imakweza madzi ndi kuwagwetseramo ngati kamathithi. Ndi yosavuta kutsuka, koma mathithiwo amamveka usiku. Wacitatu ndi sefa ya cigubu cotseka, yoikidwa pansi pa tebulo ndi kulumikizidwa ndi mapaipi awiri. Imeneyi imasunga mabakiteriya ambiri ndipo ikakhala bwino siimveka konse, koma ndi yodula, ndipo ndiyo imavutika msanga magetsi akazima.

MAFUNSO ANAI ASANAGULE

Safunsa anadya phula. Funso loyamba ndi la kukula kwa thanki. Malita amapezeka poculukitsa utali, m'lifupi ndi msinkhu m'masentimita, ndi kugawa ndi 1,000. Thanki la masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu limalowa malita 54. Madzi okhawo amalemera makilogramu 54, kuposa thumba la cimanga la makilogramu 50, cotero tebulo lake liyenera kukhala lolimba ndi lolingana bwino. Oweta ambiri amatsata lamulo lakuti sefa ya mota iyendetse madzi onse a m'thanki kanai kapena kasanu pa ola. Kwa thanki la malita 54, ndiye kuti sefa yolembedwa malita 216 kufikira 270 pa ola. Ciwerengero cimeneci cimalembedwa pa bokosi, koma siponji ikayamba kudzaza zinyalala mphamvuyo imatsika.

Funso laciwiri ndi la mtundu wa nsomba. Tinsomba ta guppy, ta zipsepse zazitali, sitikonda madzi othamanga, ndipo sefa ya siponji imatikwanira. Nsomba za goldfish zimadya kwambiri ndi kuipitsa madzi msanga, cotero zimafuna thanki lalikulu ndi sefa yamphamvu. Dziko la Zambia nalonso liri ndi nsomba zimene oweta a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan amazilemekeza kwambiri. Nyanja ya Tanganyika, imene kuya kwake ndi mamita pafupi-fupi 1,470, iri ndi mitundu yokwana pafupi-fupi 250 ya nsomba za m'banja limodzi ndi cambo, ndipo yambiri mwa iyo siipezeka kwina kuli konse. Imodzi ndi Tropheus moorii, imene George Albert Boulenger anailemba m'mabuku a sayansi m'caka ca 1898, ndipo imakhala m'miyala ya m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Mpulungu. Nsomba zotere, pamodzi ndi mbuna za m'Nyanja ya Malawi, zinazolowera madzi aukhondo a mpweya wambiri, ndipo zambiri zimakumba mcenga. Zimafuna sefa ya mota kapena masiponji akulu awiri, ndipo munthu woyamba kumene angacite bwino kuyamba waphunzira pa nsomba zopirira.

Funso lacitatu ndi la magetsi. Kapampu ka mpweya ka mawati 3 kakayenda mwezi wathunthu osaleka kamadya mayuniti awiri ndi pang'ono. Alipo mapampu ena oyenda ndi mabatire a tochi, ndi ena olumikizidwa ku batire yochajira foni kapena ku sola. Kwa banja lodalira sola, kapena lokhala kumene magetsi amazima-zima, sefa ya siponji ndiyo yoyenera, pakuti imayenda ndi mphamvu yocepa, ndipo pokhala m'madzi a m'thanki momwemo mabakiteriya ake amapirira nthawi yaitali kuposa a m'cigubu cotseka.

Funso lacinai ndi la zoikamo zina zikatha. Kamphira ka m'kapampu ka mpweya kamang'ambika, ndipo kagudumu ka mota kamatha. Munthu wa ku Lundazi, ku Katete kapena ku Chadiza amene wagula sefa yosowa zoikamo adzaona nsomba zake zikufa akali kuyembekezera katundu wocokera ku Lusaka. N'cinthu canzeru kugula kamphira kapadera tsiku lomwelo.

KUMENE PHOKOSO LIMACOKERA

Phokoso liri lonse liri ndi gwero lake, ndipo kamvekedwe kake kamaulula gwerolo. Njira yolifufuza ndi yapafupi: munthu agwire ndi dzanja kapampu, kenaka civundikiro, kenaka mapaipi. Pamene phokoso licepa akagwira, ndi pomwepo pali vuto.

Kulira konga kwa njuci kumacokera ku kunjenjemera. M'kapampu ka mpweya muli kamphira kamene kamagwedezeka mofulumira kwambiri. Kapampuko kakakhala pa thabwa kapena pa kabati, thabwalo limakuza kulirako monga momwe thupi la ng'oma limakuzira mau a cikopa. Mankhwala ake ndi kuikapo cofewa pansi: siponji youma, nsalu yopinda, kapena cidutswa ca patapata wakale. Ena amakapacika ndi kacingwe pa msomali kuti kalendewere osakhudza khoma. Koma kukakulunga m'nsalu kapena kukatsekera m'bokosi lopanda mpata n'koopsa, cifukwa kamatentha ndipo kamasowa mpweya woti katumize.

Kapampu kakayamba kulira mokweza kuposa kale pamene thovu lacepa, ndiye kuti kamwala kotulutsira thovu katsekeka, kapaipi kapindika, kapena kamphira kang'ambika. Pampu yokankha mpweya panjira yotsekeka imalira kwambiri ndi kufa msanga. Pa cifukwa comweco, thovu likaculuka sibwino kufinya kapaipi. Cofunika ndi kuika kavalavu ka nthambi kamene kamatayira mpweya wina kunja. Thovu lalikulu-likulu limaphulika mwaphokoso pamwamba pa madzi, ndipo kamwala ka thovu koikidwa m'kati mwa sefa ya siponji kamaligawa kukhala laling'ono losamveka.

Phokoso la gwede-gwede m'sefa ya mota limatanthauza kuti m'malo mwa kagudumu mwalowa mcenga kapena kankhono. Woweta azimitse sefa kwa mphindi zocepa, aturutse kagudumuko, atsuke iko ndi dzenje lake ndi mswaci wakale, ndi kubwezera. Ngati phiko lathyoka kapena kamtengo kake kadyeka, palibe cina koma kugula kena. Pofuna kupewa zimenezi, kamwa la paipi yokoka madzi likhale pamwamba pa mcenga ndi zala zinai, ndipo livekedwe kasiponji.

Phokoso longa la munthu wocukuca m'kamwa ndi la mpweya wotsekeredwa m'kati. Sefa ya cigubu aipendeketse pang'ono uku ndi uku ikali kuyenda kufikira thovu lonse litaturuka. Sefa yokoleka kumbuyo aithire madzi ndi kapu isanayatsidwe, pakuti ikayenda youma imalira ndi kutentha.

Phokoso la mathithi limakula madzi akatsika, makamaka m'cilimwe pamene amauma msanga. Kudzaza thanki kufikira pamlomo wa sefa kumalithetsa. Komabe madzi a pamwamba asaleke kugwedezeka, cifukwa thanki la zii ngati citsime limasowa mpweya. Civundikiro cogogoda pa galasi cimaleka akaika timphira m'makona mwake.

Kucepetsa phokoso kumathandizanso nsomba. M'madzi mau amayenda mamita pafupi-fupi 1,500 pa sekondi, pamene mumpweya amayenda mamita 340, ndipo nsomba iri ndi mzere m'nthiti mwake umene umamva kunjenjemera kuli konse. Mota yogunda pa galasi imasautsa nsomba monga momwe imasautsira eni nyumba. Ndipo njira yoposa zonse ndi kusankha malo bwino paciyambi: thanki likhale m'cipinda cocezera, kutali ndi khoma la kucipinda cogona, ndiponso posaomba dzuwa.

KATSUKIDWE KOYENERA

Mai waukhondo akaona siponji yabii amafuna kuicapa ndi sopo kufikira iyere. Kutero ndi kupasula mudzi wa mabakiteriya. Siponji iyenera kufinyidwa kangapo cabe m'ndowa ya madzi otungidwa m'thanki momwemo, kamodzi pa masabata awiri kapena pamwezi, malinga ndi kuculuka kwa nsomba. Sopo, madzi otentha ndi madzi a klorini zimapha mabakiteriya. Ndowa ya nchito imeneyi ikhale yake-yake, yosalowamo sopo kapena mankhwala a m'munda. Siponji ikatha, aisinthe theka loyamba, ndipo theka linalo pakapita mwezi.

Sefa siicotsa naitreti. Pa sabata iri yonse gawo limodzi mwa magawo anai a madzi liyenera kucotsedwa ndi kuikamo atsopano. M'thanki la malita 54 amenewa ndi malita 13 kapena 14. Madzi akalewo asatayidwe cabe, pakuti ndi abwino kuthirira ndiwo zamasamba. Madzi a pampopi, kapena a kumwa amene athiridwa klorini, akhale m'ndowa yosatseka tsiku lathunthu kapena awiri asanalowe m'thanki. Madzi a pamjigo amaturuka ndi mpweya wocepa, cotero nawonso ayambe agona m'ndowa. Mcenga ndi miyala ya kumtsinje ziyenera kutsukidwa ndi kuumikidwa padzuwa, ndipo nkhono za kumtsinje zisalowe m'thanki, cifukwa zina mwa izo ndizo zimasunga tizirombo ta likodzo. Makala a pambaula salowa m'malo mwa makala a sefa ogulidwa m'sitolo, amene amakonzedwa mwa njira yapadera, ndipo iwonso mphamvu yao imatha m'masabata ocepa.

MAGETSI AKAZIMA

M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi m'damu la Kariba, ndipo m'madera ambiri a Zambia magetsi anali kuzima mbali yaikulu ya tsiku. Woweta nsomba ayenera kukhala wokonzekera nthawi zotere. Kapampu ka mabatire ndiko cida coyamba. Ngati palibe, atunge madzi a m'thanki ndi kapu ndi kuwathiramonso kucokera m'mwamba kambiri-mbiri, ndi kubwereza pa ola liri lonse. Nsomba asazipatse cakudya, pakuti nsomba zazikulu zathanzi zimapirira masiku angapo osadya, ndipo cakudya ndico cimabala amoniya. Masiponji a m'sefa ya cigubu awaturutse ndi kuwaika m'thanki. Ngati cigubuco cakhala cotseka usiku wonse, madzi ake atayidwe kunja sefa isanayatsidwenso.

Magetsi akazima madzi amatha kubwerera m'kapaipi ka mpweya ndi kukhuthukira m'kapampu ndi pansi. Kapampu kakhale pamwamba kuposa madzi, kapena m'kapaipi muikidwe kavalavu kololeza mpweya kupita mbali imodzi yokha. Cingwe ca magetsi ciyambe catsikira pansi cisanakwere ku soketi, kuti dontho loyenderera pacingwe ligwe pansi. Ndipo ali yense, makamaka ana, asapise dzanja m'thanki la sefa ya mota magetsi asanazimitsidwe.

Ngozi ina imene ambiri saidziwa ndi ya mankhwala ophera udzudzu. Mankhwala opopera ndi ofukiza m'nyumba ndi ciphe coopsa kwa nsomba, ndipo kapampu ka mpweya kamawakoka ndi kuwalowetsa m'madzi. Kupopera m'nyumba n'kofunika pa nkhondo yolimbana ndi malungo, cotero banja lisakane. Liuze opoperawo za thankilo, litungire nsomba ndi siponji m'ndowa ya madzi ao omwewo ndi kuziturutsa pamthunzi pamodzi ndi kapampu ka mabatire, liphimbe thanki ndi pulasitiki, ndi kubweza zonse mpweya utayera.

Potsiriza, amene walephera kuweta asakatayire nsomba zake mumtsinje kapena m'damu. Nsomba zacilendo zimatha kupondereza za m'deralo, ndipo lamulo la zansomba la m'caka ca 2011 limaletsa kuika nsomba m'madzi a dziko popanda cilolezo. Alangizi a Dipatimenti ya Zansomba, imene likulu lake liri ku Chilanga, amapezeka m'maboma, ndipo ndiwo oyenera kufunsidwa.

Ng'ombe ikamva ludzu imalira ndipo mbusa amamva, koma nsomba iribe mau. Kaamba ka ici, mwini thanki m'mawa muli monse asanapite kumunda ayenera kuona zinthu zitatu: ngati thovu likukwera, ngati madzi a pamwamba akugwedezeka, ndi ngati nsomba zonse zathamangira cakudya. Zitatuzi zikakhala bwino, ndipo pansi pa kapampu pali cidutswa ca patapata, banja lidzagona tulo tabwino sefa ikali kuyenda.